Ku Libuyu Sanditukwana

Ine ndi amene ndinayambitsa nkhani yoti tisiye kukumana ku hotela. Ndikunena izi poyambirira chifukwa masiku ano anthu akamayamikira mgwirizano wa magulu athu awiri amatchula tcheya wathu, amatchula mayi wamkulu wa ku Libuyu, ena mpaka amatchula mzungu, koma pakamwa pamene panatuluka mawu oyamba ndi pangapa.

Gulu lathu ndi la amayi a ku Maramba, komboni ya m'tauni ya pafupi ndi mathithi kuno ku Zambia. Timafutsa ndiwo zamasamba, timayanika mango ndi bowa, timasunga mbewu zamakolo zimene m'masitolo simungazipeze. Ambiri m'gululi ndi Atonga. Ine ndinabadwira ku Maramba komweko, koma bambo anga anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo m'nyumba mwathu mwana wolankhula Chinyanja cha m'tauni ankakokedwa khutu. Sukulu ndinapita nayo patali kuposa anzanga, choncho ulembi wa gulu unagwera ine popanda wopikisana naye. Mpaka lero amandiitana kuti ba sekiletale.

Ku Libuyu, komboni ina ya tauni yomweyi, kuli gulu lina, la amayi a Chilozi oluka madengu ndi mizu ya mitengo. Magulu awiriwa ankathandizidwa ndi bungwe limodzi la kunja, ndipo tinkaonana pokhapokha bungwelo likatiitanira ku hotela ina ya pa msewu wa Mosi-oa-Tunya. Kumeneko tinkakhala pa matebulo oyala nsalu zoyera, aliyense ndi kabotolo kake ka madzi, mphepo ya makina ikutilowa m'mawondo. Zonse zinkakambidwa m'Chingerezi. Amayi a ku Libuyu akafuna kutiuza kanthu ankauza mnzawo wodziwako Chingerezi, iye n'kuuza mzungu, mzungu n'kuuza ine, ine n'kuuza anzanga. Anthu ogula tomato pamsika umodzi, okwera minibasi imodzi, tinkapatsana moni kudzera ku Ulaya.

Sindibisa, ku hotelako ine ndinali munthu. Cholembera chachikulu chija chinkakhala m'manja mwanga, ndinkaima kutsogolo, ndikatsokomola chipinda chonse n'kudikira. Tcheya wathu, mayi wa ku Monze amene tinakulira limodzi mumsika, Chingerezi chake n'cha moni basi. Ankakhala kumbuyo n'kumalongedza mabisiketi m'kachikwama kuti akapatse zidzukulu.

Mzungu amene ndikunenayu ndi mtsikana wofatsa, wowonda, amene anabwera kudzagwira ntchito ya bungwelo n'kukwatiwa ndi Mtonga wa ku Kalomo. Tsiku lina anatiuza kuti mabwana ake kwawoko akhala akukambirana, ndipo aona kuti kagwiridwe kawo ka ntchito kakununkhabe chitsamunda. Akufuna kuti ifeyo tinene momwe tikufuna kumayendetsera zinthu, potsata miyambo yathu. Amayi onse anayang'ana pansi. Ine ndinaimirira. Ndinati chitsamunda musachifunefune kutali, ndi tebulo lomweli, ndi chilankhulo chomwechi, ndi zoti anansi akudikira munthu wa pa ndege kuti aonane. Ndinati makolo athu ankapalana ubale popanda hotela. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, ndipo anthu anaomba m'manja.

Kenaka anadzuka mayi wamkulu wa ku Libuyu, mtsogoleri wa gulu lawo, wamtali, wa imvi, wa chibangiri choyera pamkono. Sanavutike ndi Chingerezi.

"Ba sekiletale bakamba zoona," anatero. "Manje ise na aba Batonga tizibana kudala. Ni bakapolo batu aba. Pepala ni ya chani pakati pa muntu na kapolo wake?"

Tcheya wathu, bisiketi ili m'kamwa, anayankha ali kumbuyo komweko: "Iwe wokudya hopani, nkala pansi. Chaka chili chonse mutaba manzi monga simunayaonepo, ndiye imwe mungankale na kapolo?"

Chipinda chinaphulika ndi phwete. Hopani ndi ng'azi, imene Atonga amati Alozi amaikonda kuposa nyama ya ng'ombe, ndipo kwawo kwa Alozi madzi osefukira amawasamutsa chaka ndi chaka. Ine ndinaseka nawo, ndipo ndi ine ndemwe amene ndinaweramira kwa mzungu kumulongosolera zimene zikuchitika.

Amene sanakhale ku Zambia kuno mwina sangamve msanga. Kuno mitundu ina ili pa chimbuya ndi mitundu ina: Atonga ndi Alozi, Abemba ndi ife akum'mawa. Mbuya wako akhoza kukutukwana pagulu, kukulanda chinthu pa benchi lako mumsika, kutchula amalume ako kuti mbava, iwe osakwiya. Koma pakagwa maliro kwanu ndi iyeyo amene amaphika, kutunga madzi ndi kukupaka ufa kumaso kuti useke pakati pa misozi. Ndiponso ndi iye yekha amene angakuuze chilungamo chimene m'bale wako amaopa kukuuza.

Tinagwirizana choncho. Palibe pepala losainirana. Misonkhano izichitikira pakhomo, ulendo wina pansi pa mtengo wa mango kwa tcheya ku Maramba, ulendo wina pakhonde la mayi wamkulu ku Libuyu. Wina akalakwitsa, auzidwe mwa chimbuya. Maliro a gulu lina ndi ntchito ya gulu linalo. Bungwe la kunja lizikhala nawo, koma lizilankhula pomaliza, ngati pali chotsala choti lilankhule.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zinayenda. Zikanakanika ndikanakhala ndi chonena. Tinayamba kuika mfutso wathu m'timadengu tawo n'kumagulitsa m'malo ogona alendo odzaona mathithi. Ulendo wina mfutsowo unapezeka ndi mchenga. Nthawi ya ku hotela nkhani imeneyi ikanatenga misonkhano ingapo, ndi mawu ozungulira oti munthu asakhumudwe. Apa mayi wamkulu anangotapa mfutso n'kuumwaza pamapazi pa tcheya.

"Ivi ni va bantu olo ni va ng'ombe zanu? Muchenga wa mu Zambezi onse mwaufaka muno."

"Tumabasiketi twanu ndiye tuli na mipata monga meno ya bambuya bako," anatero tcheya. "Muchenga ungena weka."

Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Sabata yotsatira ife tinakweza mathandala oyanikapo, iwo n'kuyamba kuluka mothinitsa. Nkhani inathera pomwepo.

Tsono ine. Ndikafika pa msonkhano ku Libuyu, mayi wamkulu ankadula chipongwe chake pakati, n'kuimirira, n'kupinda mawondo pang'ono akuomba m'manja mwa kwawo. "Mwabwela ba sekiletale, nkalani apa." Mpando unkatuluka m'nyumba, umodzi wokha, wa khushoni. Anzanga onse pa mphasa, miyendo tambasu, akulandana chimanga chowotcha, ine pamwamba ndi buku langa pamiyendo. Tiyi wanga ankabwera m'kapu ya mbale yake pansi. Ndinkalemba chiyani? Kodi munthu angalembe kuti tcheya anati Alozi ndi ouma manja moti amawerenga nyemba mumphika, ndipo msonkhano unavomereza? Masamba ambiri ankangokhala ndi mayina a obwera.

Poyamba ndinkati ndi ulemu wa sukulu yanga, ndipo ndinkakhala mowongoka. Patapita miyezi ndinazindikira kuti sukulu sikulowapo. Ine sindine Mtonga, sindine Mlozi. Ambuya anga ndi Abemba, ndipo m'magulu onse awiri mulibe Mbemba ngakhale wa mankhwala.

Tcheya ndiye anachita kuphuka. Munthu uja wa mabisiketi anasanduka pakamwa pa gulu. Amayi a ku Libuyu ankamuvula chitenje chatsopano paphewa n'kunena kuti kapolo savala zokongola. Anamubera tambala pakhomo pake masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumuitana kuti akadye nawo. Iye anapita, anadya, n'kubwerako ndi mphika wawo. Zonsezi ankandisimbira mu minibasi, akupukuta misozi ya chiseko, uku akunena mayi wamkulu.

"Iwe, uja mukazi ni mfwiti, nikuuza. Ati tambala wanga enze woyonda monga mwamuna wanga."

Ine ndinkayang'ana pawindo. Nsanje inandigwira, nsanje yeniyeni yotentha pamtima, ngati ya mkazi wamkulu pa mitala. Ndinkachita nsanje ndi munthu woberedwa tambala. Nkhuku zanga zinkayenda pabwalo zonenepa bwino, popanda ndi mmodzi yemwe wozisirira.

Kumsika kuli mayi wina wa Chibemba wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, amene akandiona amakuwa kuti alonda a mbewa afika, bisani misampha. Kale ndinkamuzemba chifukwa ndi waphokoso. Ndinayamba kudzera dala pa benchi lake, ngakhale njira yanga sidutsa kumeneko, kuti andinyozeko pang'ono ndisanakwere minibasi ya ku Libuyu. Ndinafika mpaka ponena pa msonkhano kuti mgwirizano wathu ukule, tipeze gulu la amayi a Chibemba. Tcheya anafunsa kuti gulu lake liti, ndipo limapanga chiyani. Mayi wamkulu anati ndi maganizo abwino kwambiri, ba sekiletale, tidzaonanso, ndipo onse anagwedeza mitu mwaulemu.

Koma zonsezi ndikanapirira pakanapanda mzungu. Mkazi wa Mtonga ndi Mtonga pa chimbuya. Amayi a ku Libuyu sanachedwe kukumbukira zimenezi. Anayamba kumutchula kuti mkazi wa kapolo. Ankamufunsa ngati kwawo amuna anatha kuti awoloke nyanja kudzatola munthu wonunkha mkaka wosasa. Ankati anamulowola ndi ng'ombe yodwala. Mtsikanayo ankafiira ngati tomato, koma anaphunzira mawu amodzi okha, hopani, ndipo akawatulutsa ndi lilime lake lolemeralo amayi ankagubuduka pa mphasa. Ankakhala nawo pansi pomwepo, miyendo itamukanika kupinda, wina akumumasula tsitsi kuti aone ngati muli nsabwe. Munthu wobwera pa ndege dzulodzuloli. Ine mchombo wanga unakwiriridwa kuseri kwa nyumba ya njanji ku Maramba.

Ndikafika kunyumba ndinkamuyang'ana mwamuna wanga, Mnsenga wa ku Petauke, munthu wabwino wosamwa mowa, ndipo ndinkamuona ngati wandilakwira. Anyamata a Chitonga analipo ambiri ondifuna pa utsikana wanga, ena a ng'ombe zawo ndithu. Anandifunsa kuti ndikumuyang'aniranji choncho. Ndinati palibe, idyani.

Kenaka mwamuna wa tcheya anamwalira. Anali woyendetsa takisi, wotsimphina mwendo umodzi, wokonda chipewa chachikopa ngakhale kutenthe bwanji. Amayi a ku Libuyu anafika m'mawa ndi mabeseni awo n'kutithamangitsa tonse kukhitchini. Anaphika, anatunga madzi, anasesa. Dzuwa litakwera, mmodzi wa iwo anatuluka m'nyumba atavala jekete ndi chipewa cha malemuyo, akutsimphina ndendende momwe ankayendera, akuitana anthu kuti akwere galimoto yopanda matayala. Tcheya, amene kuyambira dzulo lake sanalankhule ndi munthu, analira mokweza, kenaka kulirako kunasanduka kuseka, kenaka kulira. Mayi wamkulu anamugwira mutu n'kuuika pachifuwa pake akumuuza kuti asiye phokoso, mwamunayo anali wonyansa kale.

Atatero anatenga beseni la ufa. Ife a ku Maramba tinali titakhala pamzere m'mbali mwa khoma, ndipo iye anayamba kumapeto, kupaka aliyense kumaso, m'tsitsi, m'khosi, uku akumunena. Uyu ati ali ndi mphuno ya ng'ombe, uyu ati wabwerera chakudya. Mzungu anamupaka mpaka m'makutu, ati ufa ukuwonongeka chabe chifukwa sukuoneka. Beseni linkayandikira. Ndinkaliyembekezera ngati mtsikana amene akudikira kufunsiridwa. Ndinachotsa magalasi n'kuwaika m'chikwama kuti asamuvute.

Atafika pa ine anaima. Anaika beseni pansi, anapukuta manja pa chitenje chake mosamala, mbali zonse ziwiri, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani ba sekiletale. Mwataya mulamu."

Ananyamula beseni n'kupaka amene anali kumanzere kwanga. Pobwerera kumanda anzanga onse anali mbuu, ndipo anthu m'njira ankangoona n'kudziwa kuti awa ali ndi eni ake. Ine ndinali waukhondo. Ndinalira kwambiri pa maliro amenewo, anthu n'kumati ndinkamukonda mlamu wanga.

Ndimanenabe mpaka pano kuti zimene ndinalankhula ku hotela zinali zoona. Kungoti ku hotela tonse tinali alendo mofanana, ndipo ine ndinali mkulu wa alendowo. Titabwerera kwathu, aliyense analowa pakhomo pake, ine n'kutsala pabwalo. Ndinaganiza kuti mwina vuto ndi ine ndemwe, kuti magalasi ndi bukuli zikuwaopseza, kuti akudikira ine kuti ndiyambe. Mawu ndinali nawo. Ndinali nditawamva kambirimbiri, ndipo ndinkawayeserera potsuka mbale mpaka atakhala bwino pa lilime.

Unali msonkhano wa ku Libuyu, nyengo ya mango. Nkhani zitatha mayi wamkulu anatulutsa nsomba zouma zimene m'bale wake anamutumizira kuchokera kwawo, n'kuyamba kugawa. Anabwera kwa ine poyamba, monga mwa nthawi zonse, atapinda mawondo. Ndinayang'ana m'mbalemo, ndinakweza mawu kuti onse amve.

"Iwe wokudya hopani, ka nsomba kamozi aka ndiye wapasa muntu? Kuuma manja kwa Balozi!"

Sindinasinthe liwu ngakhale limodzi pa zimene tcheya amanena. Koma panalibe anaseka. Wina amene ankatafuna analeka. Mpongozi wa mayi wamkulu, amene anali pakhomo ndi jagi ya madzi, anaiika pansi n'kupinda manja pachifuwa. Mzungu anayang'ana uku ndi uku kufuna woti amuuze ngati aseke. Tcheya anaweramitsa mutu n'kumatokosa mphasa ndi chala. Mayi wamkulu, munthu wa msinkhu wa mayi anga aang'ono, amene ndinali nditangomutchula kuti iwe pakhomo pake, pamaso pa mpongozi wake, anaika mbale ija pamiyendo panga mwaulemu, n'kulowa m'nyumba. Sanatulukenso.

Tinakwera minibasi yobwerera ku Maramba. Titatsika tcheya anati nkhaniyi siingagone, ipezeke nkhuku, tipite limodzi iye akandilankhulire. Umu ndi momwe tinagwirizanirana kuti milandu izithera, ndipo amene analimbikira kuti zizitero ndi ine.

Ndinasankha thadzi lalikulu kuposa onse. Ndikuuzeni zoona, popita ku Libuyu masana amenewo mumtima mwanga munali kachiyembekezo. Ndinkati andikalipire, andinene kuti ndine mwana wosaleredwa, andilipitse mbuzi ngati akufuna. Munthu amene wakukalipira wakuyandikira.

Tinamupeza pakhonde akuluka, amayi ena a gulu lawo atamuzungulira. Ndinagwada pa dothi, nkhuku ili m'manja. Tcheya anakhala pansi osapatsidwa malo, n'kuyamba mwa njira yake.

"Tabwela na nkuku, pakuti bahopani banasila mu Zambezi, munadya bonse."

Mayi wamkulu anaseka pang'ono ndi m'mphuno, osasiya kuluka. Tcheya analongosola kuti mnzakeyu pakamwa panaterereka, sanafune chipongwe, ndi munthu amene amakonda gulu. Analankhula nthawi yaitali, mosamala, Chinyanja chosakaniza ndi Chitonga, ndipo ndinaona kuti akundimenyera nkhondo ndi mtima wonse. Zimenezonso zinandipweteka, kuti lero wondilankhulira ndi iyeyu.

Mayi wamkulu anaika dengu pambali. Anandiyang'ana ndi maso abwino, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Palibe mulandu apa," anatero. "Nenze nakalipa, koma naganiza. Ba sekiletale ni balendo batu. Sibaziba vintu va kuno, banamvela chabe bantu bakamba. Nyamukani mayo, muzaononga dilesi."

Anadzuka yekha n'kundidzutsa. Anawerama, munthu wamkulu ngati uja, n'kundisasa fumbi m'mawondo. Ndinafuna kunena kuti ndinabadwira kuseri kwa msika uko, kuti Libuyu ndinkamudziwa nyumba zambirizi zisanamangidwe, kuti bambo ndi mayi anga agona m'manda a tauni yomwe ino. M'malo mwake ndinamupatsa nkhuku, iye anaikankhira kwa ine mofatsa ndi manja awiri, ati ikadyedwe ndi ana kunyumba. Amayi onse anaomba m'manja kuti nkhani yatha bwino.

Ndinatsazika n'kukaima pa geti kudikira tcheya, thadzi lili m'khwapa. Kumbuyoku phokoso linali litayamba kale. Wina anali atabisa nsapato za tcheya, ati kapolo anabadwa wopanda nsapato, ndipo iye ankathamangitsana nawo kuzungulira nyumba, akutukwana mitundu yawo yonse. Ndinadikira ndithu. Kenaka anasuzumira pakona ya nyumba, akupuma wefuwefu, duku litagwera paphewa. Anandiona, n'kukonza dukulo, n'kuima bwinobwino. Munthu amene chiyambire tili ana ogulitsa mtedza pa siteshoni sananditchulepo china koma iwe.

"Yendani chabe ba sekiletale," anatero. "Musaniyembekeze, muzachedwa. Muyende bwino."